Mwana wokodza pogona ayambe waonedwa pamsana asadalandire mkwapulo

M'mabanja ambiri nkhaniyi imayamba ndi mphasa yonyowa. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, yemwe adasiya kalekale kudzikodzera, wayambiranso. Mayi ake akuyanika bulangete kuseri kwa nyumba m'mawa uliwonse kuti anthu asaone. Bambo ake akuti ndi ulesi chabe, ndipo mankhwala ake ndi mkwapulo. Agogo akuti asamamwe madzi dzuwa likapendeka. Kusukulu anzake ayamba kumuthawa pa desiki kaamba ka fungo, ndipo mwanayo wayamba kujomba.

Pakapita miyezi ingapo, wina amazindikira kuti mwana uja akupunthwa pafupipafupi, patapata ya phazi limodzi ikumavuka yokha, ndipo akabwera kotunga madzi akumadandaula miyendo. Apa nkhani imasintha. Tsopano akuti walodzedwa. Amamutemera mphini m'chiuno ndi m'maondo, mbuzi imagulitsidwa, ndipo azakhali ena omwe samwerana madzi ndi banjalo amayamba kulozedwa chala. Nthawi yonseyi palibe yemwe wakumbukira tsitsi lomwe lidamera pamalo amodzi kumunsi kwa msana wa mwanayo, lomwe mayi ake akhala akuliona pomusambitsa chibadwire.

Zoona zake n'zakuti ana ambiri okodza pogona alibe vuto la msana, ndipo amasiya okha akamakula. Koma alipo ochepa omwe gwero la vuto lawo lili m'mitsempha ya kumunsi kwa msana, yomwe idapanikizika kapena kukokeka chifukwa cha momwe msanawo udaumbikira m'mimba mwa mayi. Ana oterewa akachedwa kuthandizidwa amataya mphamvu za miyendo, ena impso zimaonongeka. Kuvundukula malaya a mwana n'kumuona pamsana sikulira ndalama. N'chifukwa chake chizolowezi chimenechi chikuyenera kukhazikika m'nyumba, kusikelo ya ana ndi m'zipatala zing'onozing'ono za m'dziko muno.

Momwe msana udapangidwira

Msana wa munthu ndi timafupa 33 tosanjikizana ngati njerwa: 7 m'khosi, 12 kuseri kwa chifuwa, 5 m'chiuno, ndipo totsalato tidalumikizana kumunsi kwenikweni. Pakati pa timafupati pali mphako yoyenda kuchokera kumutu mpaka kumunsi, ndipo m'mphakomo mumadutsa chingwe cha mitsempha chochokera ku ubongo. Chingwechi ndicho chimatenga uthenga kupita ku ziwalo n'kubweretsanso uthenga wa zomwe thupi likumva.

Mwa munthu wamkulu chingwechi sichifika kumapeto a msana. Chimathera pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno. Kuchokera apo mitsempha imatsika yomwazikana ngati mchira wa hatchi, ndipo ndilo tanthauzo la dzina la Chilatini lomwe madokotala adaipatsa, cauda equina. Mitsempha imeneyi ndiyo imayendetsa miyendo ndi mapazi, kutsegula ndi kutseka chikhodzodzo, kugwira chimbudzi, komanso kupereka mphamvu ku ziwalo zobisika. Ichi ndicho chifukwa chake vuto la pamsana limatha kuonekera pamphasa kapena kuphazi, kutali ndi pomwe lili.

Chingwe cha mitsemphachi chimaumbika msanga kwambiri. M'masiku 28 oyambirira mayi atangoima, kamnofu kafulati kamapindika n'kutsekeka ngati zipi, n'kukhala kachubu komwe kadzasanduke ubongo ndi chingwe cha mumsana. Zipiyo ikalephera kutsekeka kumunsi, mwana amabadwa ndi vuto lomwe madokotala amalitcha spina bifida. Pomwe zonsezi zikuchitika, mayi wambiri amakhala asadadziwe n'komwe kuti ndi woyembekezera.

Mtundu woonekera wa vutoli anthu ambiri adauonapo: khanda lobadwa ndi chotupa cha madzi kapena bala kumunsi kwa msana, miyendo yofooka, ndipo kawirikawiri mutu umayamba kukula chifukwa cha madzi odzadza mu ubongo. Khanda lotere limafunika opaleshoni m'masiku oyambirira kuti tizilombo tisalowe pabalapo n'kukafika ku ubongo. Mtunduwu subisika. Wovuta kuuzindikira ndi wina uja wokutidwa ndi khungu, womwe mwana amabadwa akuoneka wathanzi, n'kukwawa ndi kuyenda pa nthawi yake.

Mbuzi ya pachingwe chachifupi

Mwana akamakula, mafupa a msana amatalika mofulumira kuposa chingwe cha mitsempha. Pa chifukwa ichi, chingwecho chimayenera kukhala chomasuka m'mphako yake kuti chizitsetsereka mwana akamatalika, akamawerama kapena akamathamanga. Mwa ana ena chingwechi chimakhala chomangika kumunsi, mwina ndi chotupa cha mafuta, mwina ndi kamzere kokhuthala, mwinanso ndi kafupa komera pakati pa mphako. Zimakhala ngati mbuzi yomangidwa pachingwe chachifupi: ikakhala pafupi ndi chikhomo siimva kanthu, koma ikafuna kupita patsogolo chingwe chimayamba kuithina. Mwana akamatalika mitsempha imakokeka, magazi safikako mokwanira, ndipo imayamba kufooka pang'onopang'ono.

Apa ndi pomwe pagona yankho la funso lomwe limasokoneza makolo: zitheka bwanji kuti vuto likhale lobadwa nalo pomwe mwanayu adali bwinobwino mpaka chaka chatha? Chomangacho adabadwa nacho, koma kukokekako kwadza ndi msinkhu.

Mwamwayi, khungu ndi mitsempha zimachokera ku kamnofu kamodzi pomwe mwana akuumbika, choncho vuto la m'kati nthawi zambiri limasiya chizindikiro kunja. Zizindikirozo zimakhala pamzere wa pakati pa msana, pamwamba pa matako: tsitsi lomera pamalo amodzi, chotupa chofewa cha mafuta, banga lofiira, kamnofu kolendewera ngati kamchira, kadzenje kozama kapena kotuluka madzi, kapenanso mzere wa pakati pa matako wokhota. Kadzenje kakang'ono komwe kali m'kati mwa mzere wa matako, koti pansi pake pakuoneka, kamapezeka mwa makanda ambiri ndipo nthawi zambiri sikatanthauza kanthu. Komwe kali pamwamba pa mzerewo ndiko koyenera kukaonetsa.

Zizindikiro zina zimabwera mwana akamakula: kuyambiranso kudzikodzera usiku kapena masana, mkodzo kumangodontha, kudzimbidwa kosatha, matenda a m'chikhodzodzo obwerabwera, phazi limodzi laling'ono kapena lopindika kuposa linzake, kukoka mwendo poyenda, zilonda za kuphazi zomwe mwana sakuzimva kuwawa, ndi msana wokhota. Chimodzi chokha mwa izi sichitsimikiza kanthu. Koma ziwiri kapena zitatu zikakumana mwa mwana mmodzi, makamaka ngati palinso chizindikiro pakhungu, banja lisadikire kukolola kuti likafike kuchipatala.

Makolo asachitenso mantha ndi dzina lokha. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliyense ali ndi kampata kakang'ono pa fupa lina la kumunsi kwa msana, ndipo ambiri amakalamba osadziwa. Kampata kotere kakapezeka pojambula munthu pa zifukwa zina, koma iye alibe zizindikiro, sikafuna mankhwala kapena opaleshoni.

Akuluakulu nawo salekedwa

Si ana okha. Pali anthu omwe amabadwa ndi mphako ya msana yopapatiza kuposa ya anzawo. Ali achinyamata samva kanthu chifukwa mitsempha imakwanabe. Akafika zaka za m'ma 30 kapena 40, kutha kwa mafupa komwe kwa ena sikukadavuta kumatseka kampata kotsalako, ndipo mitsempha imapanikizika. Dokotala wa ku Netherlands, Henk Verbiest, adafotokoza bwino za vutoli mu 1954.

Chizindikiro chake chimadabwitsa. Munthu akaima kapena akayenda kamtunda pang'ono, miyendo imalemera, imachita dzanzi kapena kuyaka. Akakhala pansi kapena akawerama, zimatha. Izi zili chomwechi chifukwa kuwerama kumakulitsa mphako ija pomwe kuongoka kumaichepetsa. Choncho bambo atha kupalasa njinga kuchoka ku Lunzu mpaka ku Lirangwe osadandaula, koma n'kulephera kuyenda wapansi kuchoka kunyumba kukafika pamsika osapumira. Anthu akaona zotere amati akunamizira, akuthawa ntchito. Bamboyo sakunama, ndi momwe matendawa alili.

Palinso ena omwe fupa lawo lomaliza la m'chiuno lili ndi phiko lalikulu lomwe limakhuzana kapena kulumikizana ndi fupa la kumunsi kwake. Ambiri otere samva kanthu, koma ena amavutika ndi chiuno kuyambira ali achinyamata, ndipo ululuwo umatha kutsikira kumwendo. Vutoli limatchedwa ndi dzina la dokotala wa ku Italy, Mario Bertolotti, yemwe adalifotokoza mu 1917. Mnyamata wa zaka 20 akamadandaula msana mwezi ndi mwezi, asamangouzidwa kuti msana ndi wa nkhalamba.

Pali zizindikiro zina zomwe sizifuna kudikira kuti kunja kuche. Munthu wodwala msana akayamba kumva dzanzi pakati pa ntchafu, kumatako ndi kumaliseche, akalephera kukodza kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamatuluka osazimva, kapena miyendo yonse iwiri ikafooka mwadzidzidzi, ndiye kuti mchira wa hatchi uja wapanikizika kwambiri. Pamenepa thandizo limawerengedwa m'maola, osati m'masabata. Tsoka lake, izi ndi zinthu zomwe munthu wamkulu amachita nazo manyazi kuuza mkazi wake kapena namwino wachitsikana. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Kodi si kutaya nthawi?

Ena anganene kuti matendawa ndi osowa, ndipo chipatala chomwe chikulimbana ndi malungo, chibayo ndi amayi ochira movutikira chilibe nthawi yoyang'ana tsitsi la pamsana. Mfundoyi ili ndi mutu. N'zoonadi kuti misana yambiri yowawa m'dziko muno gwero lake ndi khasu, matumba a chimanga ndi ndowa za pamutu, ndipo imapola yokha pakapita masabata ochepa. N'zoonanso kuti munthu wowawa msana yemwe akuonda, kutuluka thukuta usiku ndi kutupa linunda ayenera kuyamba waganiziridwa za TB ya m'mafupa, yomwe kuno imapezeka ndipo ili ndi mankhwala.

Komabe palibe yemwe akupempha nyumba yatsopano kapena makina odula pachipatala chilichonse. Namwino yemwe walandira khanda amaliyang'ana kale maso, pakamwa, mchombo ndi zala. Kulitembenuza n'kuyendetsa chala pamsana sikutha mphindi imodzi. Mlangizi wa zaumoyo yemwe amakweza mwana pasikelo mwezi uliwonse amamuona atavula. Chofunika n'chakuti adziwe zomwe akuyang'ana, alembe m'buku la kuchipatala la mwanayo, n'kumutumiza kuchipatala cha boma. Kusowa kwa matenda si chifukwa chowanyalanyazira ngati kuwapeza n'kotchipa chonchi pomwe kuwaphonya kukudya miyendo ndi impso za mwana.

Kupeza vutoli msanga kulinso ndi phindu lina. M'miyezi itatu yoyambirira, mafupa a kumbuyo kwa msana wa khanda amakhala asadakhwime, choncho makina a sikani, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera, amatha kuona m'kati mwa mphako ya msana ngati woyezayo adaphunzitsidwa. Mafupawo akakhwima njirayi imatsekeka. Ekiselo wamba amaonetsa mafupa okha, osati mitsempha, choncho pamafunika makina a MRI. Oyamba a mtunduwu m'dziko muno adafika pachipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre mu 2008, ndipo makina otere ndi a m'mizinda ikuluikulu. Kwa banja la ku Jenda, Nsundwe kapena Bangula, kusiyana kwa njira ziwirizi ndi ndalama zambiri za thiransipoti ndi masiku ogona pakhonde la chipatala.

Opaleshoni za mitsempha ya mumsana zimachitikira kuzipatala zikuluzikulu, monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe mu 2023 kudatsegulidwa chipatala chapadera cha mafupa ndi mitsempha chotchedwa LION. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chomwe chidatsegulidwa mu 2002, chimathandiza ana a mapazi ndi miyendo yopindika. Khomo lolowera konseku ndi kalata yochokera kuchipatala chaching'ono ndi cha boma.

Makolo auzidwenso chilungamo. Opaleshoni yomasula chingwe chomangika ntchito yake yaikulu ndi kuimitsa vuto kuti lisapitirire. Ululu nthawi zambiri umachepa, mphamvu za miyendo zina zimabwerera, koma chikhodzodzo chomwe chafooka kwa zaka sichibwerera mwakale kawirikawiri. Chaka chomwe chathera kwa sing'anga dokotala sangachibweze.

Moyo umapitirira

Ngakhale kwa mwana yemwe mitsempha idaonongeka kale, nkhani siithera pomwepo. Choopsa chachikulu pa moyo wake si miyendo koma impso. Chikhodzodzo chikamalephera kutulutsa mkodzo wonse, mkodzowo umabwerera m'mwamba, tizilombo timaswana, ndipo impso zimatha mwakachetechete. Mu 1972 dokotala wa ku America, Jack Lapides, adasonyeza kuti munthu atha kumadzichotsa yekha mkodzo ndi kachubu kangapo patsiku, bola asambe m'manja ndipo kachubuko kakhale kaukhondo. Njira imeneyi yapulumutsa anthu ambiri padziko lonse. Mayi atha kuiphunzira kwa namwino, ndipo mwana akafika msinkhu wa sukulu amaiphunzira yekha. Mwana amakhala wouma, fungo limatha, ndipo amabwerera m'kalasi.

Apa ndi pomwe aphunzitsi ndi makomiti a sukulu ali ndi mbali yawo. Mwana wotere amafuna chimbudzi chokhala ndi chitseko, madzi osamba m'manja, ndi chilolezo chotuluka m'kalasi osafunsidwa mafunso pamaso pa anzake. Vuto la kumunsi kwa msana palokha silichotsa nzeru. Chomwe chimachotsa ana ambiri otere pasukulu ndi chitonzo.

Phazi lomwe silimva kuwawa limafunanso maso. Mwana wotere asayende wopanda nsapato, asaothe moto atayandikitsa mapazi pambaula, ndipo madzulo aliwonse wina amuone kuphazi ngati mwalowa minga kapena mwatuluka chilonda.

M'mera m'poyamba

Mbali ina ya mavutowa n'njopeweka. Mu 1991 kafukufuku wamkulu wa bungwe la Medical Research Council la ku Britain adapeza kuti amayi omwe adaberekapo mwana wa vuto la zipi yosatsekeka ija, akamamwa vitamini wotchedwa folic acid asadaime, mwayi woti zibwerezenso umatsika ndi pafupifupi 7 mwa 10. Kuchokera apo malangizo a zaumoyo ndi akuti mayi aliyense yemwe angathe kuima azilandira ma microgram 400 a vitaminiyu tsiku lililonse, kuyambira asadaime mpaka miyezi itatu yoyambirira. Yemwe adaberekapo mwana wotere amafuna mlingo wokulirapo, womwe achipatala ndiwo amalemba. Vitaminiyu sapewa mphako yopapatiza kapena fupa la phiko lija, koma pa spina bifida yoonekera umboni wake ndi wamphamvu.

Folic acid alimo m'mapiritsi owonjezera magazi omwe amayi amalandira kusikelo. Vuto ndi nthawi. Zipi imatsekeka pofika tsiku la 28, pomwe amayi ambiri kuno amayamba sikelo mimba itadutsa miyezi itatu, ena pobisa pakati poopa anthu oipa. Mapiritsiwo amathandizabe magazi a mayi, koma pa nkhani ya msana wa mwana amakhala afika mvula itakata.

Pozindikira izi, maiko ambiri adasankha kuthira vitaminiyu mu ufa womwe aliyense amadya. Dziko la America lidayamba mu 1998. Dziko la South Africa lidayamba mu 2003 ndi ufa wa chimanga ndi wa tirigu, ndipo ofufuza adapeza kuti chiwerengero cha ana obadwa ndi mavutowa chidatsika ndi pafupifupi 30 pa 100. Mu 2023 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO udagwirizana kuti maiko afulumize ntchitoyi. Malawi nayo ili ndi malamulo oti ufa wopangidwa m'mafakitale uzikhala wothira mavitamini.

Koma nsima ya m'mabanja ambiri siichokera m'sitolo. Imachokera m'nkhokwe kapena pamsika, n'kudzera pachigayo cha pamalo ochitira malonda, komwe palibe chothiramo. Lamulo lomwe limathera pageti la fakitale limateteza mayi wa m'tauni wogula ufa wa m'paketi n'kusiya mayi wa kumudzi. Boma ndi mabungwe akuyenera kufika pachigayo, kapena kufikira atsikana ndi amayi mwachindunji ndi mapiritsi asadaime, kudzera m'sukulu, kusikelo ya ana, kuchipatala cha kulera ndi kwa alangizi a zaumoyo. Alangizi a ukwati m'mipingo ndi m'mizikiti, omwe amaphunzitsa akwati zambiri, atha kuonjezapo phunziro limeneli.

Pakhomo napo pali zotheka. Nyemba, nandolo, mtedza, bonongwe, nkhwani, khwanya, chisoso, mapeyala ndi chiwindi zili ndi vitaminiyu, ngakhale ndiwo zamasamba zikaphikitsitsa wambiri amaonongeka, ndipo chakudya chokha nthawi zambiri sichifika pamlingo wa piritsi. Mayi wa matenda a shuga, kapena yemwe amamwa mankhwala a khunyu otchedwa sodium valproate, akambirane ndi dokotala asadaime chifukwa zonsezi zimakweza chiopsezo. Koma asasiye yekha mankhwala a khunyu, pakuti kutero kuli ndi ngozi yakenso.

Chomaliza chikhudza abambo ndi akuchimuna. Mwana akabadwa ndi chotupa pamsana, mlandu umagwera mayi: adasempha mwambo, adayenda njira zolakwika, kwawo kuli ufiti. Mabanja ena amatha kumene, mayi n'kutsala yekha ndi maulendo a kuchipatala. Palibe tsempho lomwe limatsegula msana wa mwana. Zomwe zidachitika zidachitika m'sabata zinayi zoyambirira, mayiyo asakudziwa kanthu. Bambo yemwe wamvetsa izi ndiye amagulitsa mbuzi ija kuti apeze thiransipoti ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe, osati yolipira woombeza.

Pa 25 October chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira anthu a spina bifida ndi a madzi m'mutu. Koma mabanja sakufunika kudikira tsiku limenelo. Madzulo ano ana ambiri asambitsidwa m'beseni kuseri kwa nyumba. Kholo lomwe mwana wake wayambiranso kunyowetsa mphasa limuone pamsana, liyerekeze mapazi ake awiri, limuone momwe akuyendera. Likapeza chokayikitsa, mawa lake lilawirire kuchipatala ndi buku la mwanayo m'manja, ndipo likanene zonse, ndi za mkodzo zomwe. Likapanda kupeza kanthu, mkwapulo usagwirebe ntchito, pakuti palibe mwana yemwe amakodza pamphasa mwadala.